Dzanja la Drew Brees ndi mpira wosongoka

Usiku wa pa 16 Disembala 2019, m'bwalo lofolera la Superdome mumzinda wa New Orleans, Drew Brees adaponya mpira maulendo 30 polimbana ndi timu ya Indianapolis Colts. Anzake a timu ya Saints adawakha maulendo 29. Kamodzi kokha ndi pamene mpira udagwa pansi. Mwamunayu adali ndi zaka 40, ndipo miyezi itatu yokha m'mbuyomo madokotala adali atamuchita opaleshoni chala chachikulu cha dzanja lomwelo loponyera, chimene chidavulala dzanja lake litawombana ndi la Aaron Donald wa timu ya Rams. Za zigoli ndi zikho ndisiyira ena. Chimene chimandigwira mtima ine ndi kanthawi kochepa kamene mpira umachoka m'dzanja lake n'kukafika m'manja mwa mnzake, pakuti m'menemo muli ntchito ya mmisiri yoti munthu aiyang'ane modekha.

Woonera mpira wa ku America koyamba amangoona chipwirikiti cha amuna ojintcha ovala zisoti, akugundana ndi kugwetsana. Malamulo ofunika pa nkhani yathu ndi ochepa. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 11 m'bwalo. Imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi yoti isunthe mayadi 10, omwe ndi mamita 9 ndi pang'ono, ndipo ikakwanitsa imapatsidwanso ina inayi. Pa mpata uliwonse amaloledwa kuponya mpira kutsogolo kamodzi kokha, ndipo mwini ntchitoyi ndi quarterback, malo amene Brees ankasewera. Akalandira mpira amabwerera m'mbuyo pang'ono, anzake asanu atamutchingira, uku adani olemera makilogalamu 110 mpaka 140 akulimbana kuti amufikire. Nthawi zambiri amakhala ndi masekondi osakwana atatu oti aone yemwe wamasuka, asankhe, aponye.

Chipangizo chake n'chovuta. Mipira ya ligi ya NFL imapangidwa ndi kampani ya Wilson kuyambira 1941, ndipo fakitale yake ili m'katauni ka Ada ku Ohio. Amadula zidutswa zinayi za chikopa cha ng'ombe chofufutidwa ku Horween, mumzinda wa Chicago, n'kuzisoka kunja kuli mkati. Kenako munthu amafewetsa chikopacho ndi nthunzi, n'kuchitembenuza ndi manja pa mtengo wachitsulo, amalowetsamo chubu, wina n'kumanga zingwe zoyera, nayenso ndi manja. Chotuluka pamenepo ndi mpira wa magalamu pakati pa 400 ndi 425, wotalika masentimita 28, wonenepa pakati, wosongoka uku ndi uku. Mpira wobulungira suona mbali. Ungauponye bwanji, mpweya umakumana ndi nkhope imodzimodzi. Uwu ayi. Ukamayenda nsonga ili patsogolo umang'amba mpweya mosavuta, koma ukapingasa mpweya umaugwira mowirikiza kangapo. Ukangouponya chiponyeponye umagubuduka m'malere, umatha liwiro, n'kukagwera pamene sunafune. Anthu a ku America mpira woterowo amautcha bakha wovulala.

Kuponya kutsogolo sikudali m'malamulo pachiyambi. Mu 1905 masewerowa adapha anyamata ochuluka ndithu, mpaka Pulezidenti Theodore Roosevelt adaitanitsa akuluakulu a mpira a m'mayunivesite a Harvard, Yale ndi Princeton ku White House. Malamulo atsopano a 1906 adalola kuponya kutsogolo kuti osewera amwazikane, aleke kuunjikana pamodzi. Mu 1913 Gus Dorais ndi Knute Rockne a ku yunivesite ya Notre Dame adagonjetsa timu ya asilikali ya Army 35 kwa 13 ndi njira imeneyi, dziko lonse n'kutsegula maso. Mu 1934 mpira adauchepetsa mimba kuti ugwirike bwino m'dzanja limodzi. Kuyambira pamenepo woponya aliyense wakhala akufunafuna chinthu chimodzi, chimene amachitcha spiral: mpira woyenda nsonga patsogolo, ukuzungulira pa mzere wodutsa m'nsonga zake ziwiri, osagwedera.

Brees sadali ndi thupi limene akatswiri osankha osewera amalifuna. Ndi wamtali masentimita 183, pamene mwa oponya anzake, Tom Brady ndi 193 ndipo Peyton Manning ndi 196. Kuseri kwa amuna ataliatali omutchingira ankachita kutukula chibwano, mutu utapendekera m'mbuyo, kusuzumira m'mipata ya pakati pa zisoti. Ndiye pa 31 Disembala 2005, akusewerera San Diego Chargers, adadumphira mpira umene udamupulumuka, wosewera wa Denver n'kumugwera pa mkono wamanja. Phewa lidaguluka, ndipo mnofu wogwira fupa m'malo mwake udang'ambika kuzungulira konse. Dokotala James Andrews adalisoka. Timu ya Miami Dolphins idamuyeza n'kumukana. Amene adamutenga ndi a Saints, timu ya mzinda umene udali utangosakazidwa ndi mphepo yamkuntho ya Katrina. Munthu wa phewa losokedwa sangadalire phewa. Pamodzi ndi mphunzitsi Tom House, yemwe kale adali woponya mpira wa baseball, Brees adaumbanso kaponyedwe kake kuyambira kumapazi.

Mphamvu yoponyera imachokera pansi. Lamulo limene Isaac Newton adalemba mu 1687 likuti ukakankha chinthu, nachonso chimakukankha ndi mphamvu yofanana. Muyang'anitsitseni Brees pa kanema woyendetsedwa pang'onopang'ono. Phazi lamanja, lakumbuyo, laponda nji, minga ya nsapato yaluma pansi. Akukankha dziko chammbuyo, dziko likumubwezera kutsogolo. Phazi lamanzere likuponda pafupi, osati patali, litaloza kumene mpira ukupita. Chiuno chikuyamba kutembenuka mapewa akadali m'mbuyo, motero minofu ya pamimba ndi ya m'nthiti ikukokeka, ikusunga mphamvu. Kenako chiuno chikuima, chifuwa n'kutembenuka. Chifuwa chikuima, chigongono n'kutsogola. Chigongono chikuima, mkono n'kutambasuka. Chiwalo cholemera chikaima, kuyenda kwake sikutayika. Kumapita ku chiwalo chotsatira, ndipo popeza icho n'chopepukirapo, chimathamanga koposa. Mkono wamanzere nawo sungolendewera. Amaukokera pachifuwa, chifukwa thupi lofunyata limazungulira msanga kuposa lotambasula. Zonsezi zimatha sekondi isanakwane, ndipo chiwalo chimodzi chikafulumira kapena kuchedwa, phewa ndi limene limalipira.

Tsopano tifike ku zala, kumene kuli mtima wa ntchitoyi. Oonera ankamudziwa Brees ndi chizolowezi chonyambita zala asanalandire mpira. Chikopa chouma chimaterera, ndipo popanda kugwirana kwa khungu ndi chikopa palibe chimene chingazunguze mpira. N'chifukwa chakenso matimu amayamba akwecha mipira yatsopano ndi burashi mpaka kuterera kwa kufakitale kutachoka. Woponya sagwira mpira pakati koma chakumbuyo. Zala ziwiri zakumapeto zimagona pa zingwe, chala chachikulu chimagwira kunsi, cha mkombaphala chimakhala pafupi ndi nsonga yakumbuyo, ndipo pakati pa chikhatho ndi chikopa pamatsala kampata koti kuwala n'kudutsa. Pomasula, zala sizichoka pamodzi. Chachikulu chimayamba, zing'onozing'ono n'kutsatira, ndipo chomaliza kutsanzikana ndi mpira ndi cha mkombaphala. Pa nthawi yomweyo mkono umapotokera mkati, mwakuti dzanja limakathera cha ku ntchafu yamanzere, chala chachikulu chitaloza pansi. Chala chomalizacho sichikankha pakatikati pa mpira. Chimakanda m'mbali mwake, choncho mphamvu imagawika pawiri: yambiri ikukankha mpira kutsogolo, yotsala ikuuzunguza. Kukanda kukachuluka mpira umapita wofooka. Kukachepa umagwedera. Ndipo nsonga ikaloza kwina pamene dzanja likukankhira kwina, ngakhale pang'ono chabe, kugwedera kumayambira m'dzanja momwemo.

Pulogalamu ya pa TV ya Sport Science idamuyesa Brees. Adamuikira chandamale cha oponya mivi pa Olympics pa mtunda wa mayadi 20, ndiwo mamita 18. Kadiso kapakati ka chandamalecho n'kotambalala masentimita 12 okha. Adaponya kakhumi, ndipo kakhumi konseko adalasa pakadisopo. Zipangizo zidaonetsa kuti mpira unkachoka pa liwiro la makilomita pafupifupi 84 pa ola, ukuzungulira maulendo 600 pa mphindi, kutanthauza kakhumi pa sekondi imodzi.

Tiyeni tiwerengere limodzi, pakuti manambalawa akubisa zambiri. Makilomita 84 pa ola ndi mamita 23 pa sekondi, ndiye ulendo wa mamita 18 umatenga magawo 8 mwa magawo 10 a sekondi. M'kanthawi kameneko mphamvu yokokera zinthu pansi imatsitsa mpira ndi mamita atatu. Choncho wofuna kulasa kadisoko ayenera kulozetsa mpira mamita atatu pamwamba pake. Akaphonya kuloza ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a digiri imodzi, mpira wadutsa kunja kwa kadiso. Liwiro nalo likasintha ndi gawo limodzi mwa 100, kutsika kwa mpira kumasintha ndi masentimita 6, ndipo kuchoka pakati pa kadiso kufika m'mphepete mwake ndi masentimita 6 omwewo. Kulunjika kotereku si kwa diso lokha. Ndi miyendo, chiuno ndi chala zimene zaphunzira kutulutsa mphamvu yofanana ndendende, ulendo ndi ulendo. Apa m'pamene ine ndimamuvulira chipewa.

Mpira ukangochoka pa chala, woponya alibenso chonena. Otsala ndi awiri: mphamvu yokokera pansi ndi mpweya. Ndipo pano pali chinthu chimene chidazunguza mitu akatswiri a fizikisi kwa nthawi yaitali. Mpira woponyedwa patali umanyamuka nsonga yakutsogolo italoza m'mwamba. Ukafika pamwamba penipeni umakhala utagona chopingasa ndi dziko, ndipo potsika nsongayo imakhala italoza pansi. Diso limaona kuti ndi mmene ziyenera kukhalira. Koma malamulo a kayendedwe ka zinthu akunena zina. Chinthu chozungulira mwamphamvu chimakana kusintha kumene chaloza, ndiye mpirawo umayenera kukafika nsonga ikadali m'mwamba monga udanyamukira. Komanso njira yake ikayamba kupindikira pansi, mpweya umayamba kuumenya kunsi kwa nsonga, ndipo kumenya kumeneko kumayenera kuikweza nsongayo mpaka mpira utagadabuka. Zifukwa ziwiri zonsezi zikukana kuti nsonga itsike. Komabe imatsika, Lamulungu lililonse, anthu mamiliyoni akuona.

Pulofesa Timothy Gay a pa yunivesite ya Nebraska ndi munthu amene ankaphunzitsa fizikisi ya mpirawu pa makanema akuluakulu a m'bwalo la yunivesiteyo masewero ali mkati, ndipo mu 2004 adatulutsa buku pa nkhaniyi. Tsiku lina atamaliza kukamba, a William Phillips, amene adalandira mphoto ya Nobel mu 1997, adawafunsa funso lomweli: n'chifukwa chiyani nsonga imatsika? A Gay adasowa yankho lokhutiritsa. Lidawatengera zaka pafupifupi 20. Mu 2020 iwo pamodzi ndi a Richard Price a ku MIT ndi a William Moss a ku Lawrence Livermore National Laboratory adasindikiza yankho m'magazini ya American Journal of Physics.

Amene adakwapulapo nguli ali mwana yankholi aligwira msanga. Nguli ikapendekeka uku ikuzungulira, dziko limaikokera pansi kuti igwe, koma siigwa. M'malo mogwera kumene ikukokedwa, mutu wake umapatukira kumbali, n'kuyamba kulemba kamkombero pang'onopang'ono mozungulira mzere woongoka wochoka pansi kupita kumwamba. Chinthu chozungulira chimayankha choncho: ukachikankhira uku, chimapita chammbali. Pa mpira uli m'malere, ntchito yogwetsa ija ikugwiridwa ndi mpweya, ndipo mzere umene nsonga ikuuzungulira ndi njira imene mpirawo ukuyenda. Mpweya ukamenya kunsi kwa nsonga kuti uikweze, nsonga siikwera. Imapatukira kumanja pang'ono, ngati woponyayo ndi wamanja. Ikapatuka chotero mpweya umayamba kuimenya cha kumanzere kwake, kuikankhira kumanja kowonjezera, ndipo nsonga imayankhanso chammbali, ulendo uno chopita pansi. Njira ikapindikanso, zomwezo zimabwerezeka. Motero nsonga imalondola njira ya mpira kuchoka m'dzanja mpaka kukafika, ndipo chimene chikuiwongolera ndi mpweya womwe uja umafuna kuugadabuza. Popanda mpweya, mpira wa Brees ukadafika nsonga ili m'mwamba. Popanda kuzungulira, mpweya ukadaugubuduza. Kukongola kumene timaona kumafuna zonse ziwiri, pa muyeso wake.

Zotsatira zake osewera adazidziwa m'manja akatswiri asadazilembe. Mpira wa munthu wamanja umazungulira kutsata mivi ya wotchi ukamauonera kumbuyo, ndipo pa ulendo wautali umakokera kumanja pang'ono. Wa munthu wamanzere umachita zosiyana. Jerry Rice, amene ambiri amati ndiye wowakha woposa onse, adazolowera mipira ya Joe Montana ku San Francisco 49ers, ndipo Steve Young, wamanzere, atatenga malowo, Rice adachita kuphunziranso kuwakha mpira wozungulira mobwerera. Ngakhale spiral yooneka yosalala bwanji imakhala ndi kugwedera kwake kochepa, pafupifupi katatu pa kuzungulira kasanu kalikonse. Mmisiri sathetsa kugwederako. Amangokuchepetsa mpaka diso litalephera kukuona.

Komatu m'bwalo chandamale sichiima. Wowakha wothamanga mamita 8 pa sekondi, mpira ukakhala m'malere masekondi awiri, amakhala atasuntha mamita 16. Woponya amaponyera pamalo popanda munthu, nthawi zambiri mnzakeyo asadatembenuke n'komwe, ndipo akachedwa ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi waphonya ndi masentimita 80. Brees ankapitirira apo. Sankangofuna kuti mpira ufike kwa munthu, koma ufike pa mbali iti ya thupi lake. Mdani akakhala kutsogolo kwa wowakha wake Marques Colston, mpira unkabwera ku phewa lakumbuyo, kumene Colston yekha ndiye akadaufikira potembenuka. Mdani akakhala wamfupi, mpira unkadutsa pamwamba. Pakati pa bwalo, pamene wowakha angagundidwe koopsa, unkabwera chapansi kuti munthuyo awakhe akugwa yekha, asadapwetekedwe. Kumeneko ndi kusamala mnzako pogwiritsa ntchito masentimita.

Ankadziwanso kuti mphamvu si yofunika paliponse. Mpira wa magalamu 420 wobwera pa mamita 23 pa sekondi ukaimitsidwa ndi manja ouma m'magawo awiri mwa 100 a sekondi, umamenya ndi mphamvu yolingana ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 50, ndipo umadumpha. Manja akaulandira mofewa, akubwerera nawo kwa gawo limodzi mwa 10 a sekondi, kumenyako kumatsika kufika pa makilogalamu 10. Wowakha ali ndi mbali yake pamenepa, koma woponya wabwino amamupeputsira ntchito pomutumizira mpira wa liwiro lokwanira kudutsa adani basi, nsonga itaweramira m'manja. Mu 2019 Michael Thomas wa Saints adawakha mipira 149, yochuluka kuposa ya wina aliyense m'chaka chimodzi, ndipo yambiri mwa iyo idachokera m'dzanja limeneli.

Omutsutsa alipo, ndipo mfundo zawo si zachabe. Amati theka la masewero ake ankasewerera m'bwalo lofolera, mopanda mphepo, mvula kapena chisanu, pamene anzake a ku Green Bay ndi Buffalo amaponya zala zitauma ndi kuzizira. Izi n'zoona, mphepo yopingasa imasokoneza mgwirizano uja wa nsonga ndi mpweya, ndipo chikopa chozizira chimaterera. Amatinso m'zaka zake zomaliza mkono udafooka, n'kumangoponya pafupi. Izinso n'zoona. Koma ine sindivomera kuti mpira wapafupi ndi wophweka. Pafupi m'pamene adani athithikana, mipata yake ndi yopapatiza, ndipo mpira ukhala m'malere theka la sekondi, mopanda nthawi yoti wowakha akonze cholakwa cha woponya. Wamphamvu zambiri akhoza kuchedwa kuona, mkono n'kumuwombola. Brees adalibe chomuwombola choterocho, ndiye ankayenera kuona msanga, kuponda bwino ndi kumasula pa nthawi yake ulendo uliwonse. Mu 2018, ali ndi zaka 39, mipira 74.4 mwa 100 iliyonse imene adaponya idawakhidwa. Pa Super Bowl, masewero omaliza a chikho cha NFL, a pa 7 Febuluwale 2010, amene Saints idapambana 31 kwa 17, anzake adawakha 32 mwa 39, ndipo bwalo la tsikulo ku Miami lidali losafolera.

Adapuma mu Malichi 2021 ataponya mipira yokwana mayadi 80,358, mtunda woposa makilomita 73, ndipo oposa 68,000 mwa mayadi amenewo adawaponya ndi phewa losokedwa lija. Thupi lidasunga ngongole yake. Mu 2023 Brees adaulula pa wailesi kuti mkono wake wamanja sugwiranso ntchito yoponya, ndipo akamasewera ndi ana ake kuseri kwa nyumba amaponya ndi wamanzere. Pakati pa oponya a m'badwo wake adalipo amphamvu kumuposa, ataliatali kumuposa, ndi a zikho zambiri kumuposa. Pa ntchito yoika mpira wosongoka pamalo penipeni pamene ukufunika, pa liwiro loyenera ndi pa nthawi yake, ine ndimamuika Drew Brees patsogolo pa onsewo.